A Waya ndi Piya wa Pakati pa Mtsinje

Kunyumba kwa a Waya tiyi sankamwedwa mwamtendere kampani ikapeza ntchito yatsopano. Makapu ankasanduka makoma, masipuni n'kukhala zitsulo, ndipo wochedwa kumwa ankapeza kapu yake italowa kale m'pulani. A Wayawa anali mmisiri womanga zitsulo zimene zimakhala m'kati mwa konkire. Dzina lawo lenileni ngakhale akapitawo anali ataliiwala, poti kampukutu ka waya womangira sikankachoka m'chiuno mwawo, ndipo anthu oipa pakamwa ankati ngakhale pa ukwati wawo kanalipo, m'kati mwa suti.

M'mawa wina anakankhira buledi kumbali n'kundandalika makapu atatu patebulo.

"Taonani kuno, mayi," anatero kwa akazi awo. "Mlatho tapatsidwawu ndi wautali, sungagone pa magombe awiri okha. Kapu iyi ndi tsidya lino, iyo ndi tsidya linalo." Anagoneka mpeni wa buledi pamwamba pa makapuwo, n'kugogoda yapakati ndi chala. "Tsono uyu ndiye piya."

"Piya?"

"Piya. Ndi mmene timamutchulira kuntchito. Ndi chimene chimasenza mlatho pakati. Za m'mphepetezi si mapiya ayi, izi zimatsamira dothi. Piya amaima payekha, katundu kumutu, popanda chotsamira."

"Ndiye bwanji osangoti mzati?"

"Mzati ndi wa pakhonde, mayi. Mzati mwana amaukumbatira. Ameneyu ngakhale mpingo wanu wonse utagwirana manja sungamuzungulire."

Akazi awo anali telala wa makatani, munthu wozolowera kuyeza zinthu ndi maso. Anayang'ana kapu ija, n'kuyang'ananso tebulo lonse.

"Nanga kunsi kwa mpeniku, pamene pali nsalu yangapa, ndiye kuti pali chiyani?"

"Mtsinje."

"Ohoo. Ndiye kuti kapuyi yaima m'madzi."

A Waya ananyamula piya uja n'kumwa tiyi yense, wozizira kale.

Apa tinene chilungamo, poti munthu wamkulu timamulemekeza koma sitimunamizira. A Waya sankaopa m'mwamba. Ankayenda pa chitsulo chopyapyala pamwamba pa nyumba zosanjikizana akusenda nthochi. Mapiya anali atamanga ambirimbiri, a milatho yodutsa pamwamba pa misewu ndi njanji, onsewo oima pouma. Koma madzi! Madzi opitirira a m'beseni ankawaumitsa m'kamwa. Ali kamwana anagwera chamutu mumgolo wodzaza, ndipo mlongo wawo ndi amene anawazula powakoka miyendo. Chiyambire tsiku limenelo ankasamba modzithira ndi kapu, ndipo basi ikamawoloka mtsinje ankakumbukira mwadzidzidzi kuti zingwe za nsapato zamasuka. Mlongo uja anapita nacho kumanda chinsinsichi. Otsala ochidziwa anali akazi awo ndi mwana wawo wamkazi basi.

Kuntchito nkhani inabwera ndi mayi wa zachitetezo, mayi wamfupi wa timawu tating'ono amene ngakhale oyendetsa makina akuluakulu ankamuopa. Anasonkhanitsa amisiri onse pagombe, pafupi ndi mulu wa zitsulo. Kumbuyo kwake mtsinje unkadutsa, wotakata, wamatope, wosafulumira. Pakati pake anali atakhomapo kale mpanda wa zitsulo zophwatalala wotchinga madzi, ndipo mapampu ankapopa usana wonse kuti m'katimo muume. Pambali pa mpandawo panayandama chithandala chachitsulo chofikirapo boti.

"Aliyense wokagwira ntchito pa piya uyo azivala jekete ili," anatero mayiyo, akukweza m'mwamba jekete loyandamitsa. "Koma kuvala kokha sikukwanira. Munthu amene sanalawepo madzi akagwa amachita mantha, amalimbana ndi jekete lomwelo, amalimbana ndi wodzamupulumutsa. Ndiye sabata yamawa aliyense adumphira m'madzi kuchokera pa chithandala icho, ayandame, agwire chingwe, atuluke. Ndione ndi maso angawa. Amene sadumpha palibe mlandu. Ntchito ilipo kumtunda kuno, yodula ndi kupinda zitsulo."

Yodula ndi kupinda zitsulo! Ntchito imene a Waya ankapatsa anthu ongolembedwa kumene, amene sanadziwebe kuti waya amapotera mbali iti.

Akapitawo anawonjezera, mopanda cholinga choipa chilichonse: "Gulu la pa piya mulitsogolera ndinu, a Waya, monga mwa masiku onse. Zikavuta, Sipidi alipo."

Sipidi anali wachiwiri wawo, bambo wa ana amapasa, wamanja othamanga monga dzina lakelo. A Waya anamuphunzitsa okha ntchito. Analibe mtima wolanda malo a munthu, ndipo n'zimene zinkapweteka kwambiri, chifukwa munthu wabwino sungamukwiyire n'komwe.

"Zivute chiyani?" anatero a Waya, chifuwa patsogolo. "Madziwa ife tinabadwira momwemo!"

Anthu anaseka, ena n'kuomba m'manja. Pakamwa pamathamanga kusiya mwini wake m'mbuyo, ndipo a Waya anapamva pakamwa pawo pakulankhula ngati pa munthu wina. Tsiku lonselo anagwira ntchito atafulatira mtsinje. Mawondo awo anali atayamba kale kudandaula pokwera makwerero, ndipo ankadziwa kuti ntchito yaikulu ngati iyi mwina sidzawapezanso asanapume. Piya wa m'madzi anali asanamangepo. Ankamufuna piya ameneyo, ankamufuna ndi mtima wonse. Kuganiza kuti adzakhala pagombe n'kumapinda zitsulo, kumazikweza m'boti, kumaonerera patali anthu owaphunzitsa okha akumanga popanda iwo, kunkawawawa kuposa dzino.

Atafika kunyumba madzulo anayamba kukhosomola.

"Chifuwa chimenecho mwachigula kuti?" anafunsa akazi awo, osachotsa maso pa makina osokera. "M'mawa munalibe."

"Fumbi la simenti. Komanso khutu ili likundivuta. Munthu wodwala khutu adokotala amamuletsa madzi."

"Sankhanipo chimodzi, bambo, chifuwa kapena khutu, kuti ndidziwe chonena anthu akandifunsa."

A Waya anakhala pansi, n'kufotokoza zonse, za jekete, za chithandala, za Sipidi. Akazi awo anaimitsa makina. Sanaseke ayi. Anangotenga foni n'kutuluka nayo panja.

Mulungu ali ndi nthabwala zake. Mwana yekhayo wa munthu woopa madziyu ankagwira ntchito pa hotela ina, yosamalira dziwe losambiramo alendo ndi kuvuula amene amwa madzi. Anthu akafunsa a Waya kuti mwana amatani, iwo ankangoti, "Ali kuhotela," n'kusintha nkhani. Loweruka madzulo mwanayo anatulukira, chikwama kumsana, tsitsi likununkha mankhwala a m'dziwe.

"Bambo, ndamva."

"Wamva chiyani? Amayi akowa nkhani siigona m'mimba mwawo."

"Ndikuphunzitsani."

"Iwe? Ndinakusintha matewera ine, lero undigwire pamimba ngati khanda, alendo akuonerera?"

"Alendo kulibe. Dziwe tinalikhuthula, amisiri amakonza matailosi. Mawa tikuthiramo madzi. Makwerero ake akugwedera, ndipo abwana akufuna wowamanga. Ndawauza kuti ndili ndi bambo anga, ndipo kuti akamaliza ndiwasambitsako. Avomera."

"Makwerero ndimanga. Koma m'madzi sindilowa."

"Simulowa m'madzi, Bambo. Mulowa pouma. Madziwo ndi amene akupezeni."

A Waya anadzuka n'kukalongedza masipanala awo.

Dziwe lopanda madzi si chinthu choopsa. Ndi dzenje chabe la matailosi abuluu, losaya mbali imodzi, lotsetsereka mpaka kukazama mbali inayo. A Waya anatsikiramo m'mawa mwake ngati mwini wake. Anagogoda makoma ndi sipanala, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana ngati mzere wa m'mphepete wawongoka, n'kuvomereza kuti amene anamanga sanabe simenti. Makwerero anali ndi mabawuti awiri odyeka. Anawasintha, anamanga, anagwedeza ndi mphamvu zawo zonse, makwerero ali nji. Akanakonda ntchitoyo ikanakhala yaitali, koma manja awo sankadziwa kuchedwa.

Mwana uja anabwera ndi jekete lofanana ndi la kuntchito lija. Anawaveka, anakoka malamba mpaka iwo anati "Hii, ukufuna kundipha?", anadutsitsa lamba wina pakati pa miyendo n'kumanga. Kenako anaika mpando wapulasitiki pamalo ozama kwambiri aja, n'kuwapatsa ambulera.

"Khalani apa. Dzuwa liwawa."

Ndiye tangoganizani: bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu, kabudula wobwereka, jekete lothina, waya m'chiuno, atakhala pampando pansi pa dzenje, ambulera m'manja. Wosamalira maluwa pa hotelapo anasuzumira, n'kubwerera mwaulemu kukasekera kuseri kwa mpanda.

Mwana anatsegula mpopi waukulu. Madzi anatuluka m'paipi, anatsetsereka pa matailosi, anafika pa zala zakuphazi za a Waya n'kuzizungulira.

"Amenewa ndiye madzi ake?" anatero iwo. "Ndimayesa nkhani yaikulu."

Ali mu akakolo, a Waya ankaimba likhweru. Atafika m'miyendo anayamba kufotokoza mmene achinyamata a masiku ano amapotera waya mwaulesi. Atafika m'mawondo nkhani zinatha. Madzi a m'dziwe sathamanga, amakwera pang'onopang'ono moti ukawayang'anitsitsa umayesa aima, koma ukayang'ana kumbali n'kubwerera umapeza adya mzere wina wa matailosi. Dzuwa linakwera, linafika pamutu. Mwana anawabweretsera buledi ndi chakumwa, iwo analuma kamodzi, chakudya n'kukana kutsika. Manja awo anapita okha m'chiuno, anadula kawaya, anayamba kukapota pa chigwiriro cha ambulera, kupota, kumasula, kupotanso.

Mwana uja anatsikiramo n'kuima pambali pawo, wezulo ali pakhosi.

"Pumani bwinobwino, Bambo. Mukupuma ngati mukuthamanga."

"Ndikupuma mmene ndimapumira."

Madzi atafika pampando, mpandowo unayamba kunyanyamuka. A Waya anaimirira msanga, mpando n'kutembenuzika, n'kumapita uko ukuyandama. Tsopano anali chiimire, madzi m'ntchafu, kenako m'chiuno. Makoma abuluu aja, amene m'mawa anawayamikira, anaoneka ngati atalika. Kuzizira kutakhudza pamchombo, china chake chinaduka m'kati mwawo. Anataya ambulera, anapalasa madzi ndi manja, anakwera chitunda cha pansi pa dziwelo akuterereka, mpaka anakafika kumbali yosaya kumene kunali kouma. Anaima pamenepo, madzi akuchucha m'kabudula. Manyazi anawagwira kuposa mantha omwe.

"Basi," anatero. "Zakanika. Sipidi amange. Ndimasule chinthuchi."

Mwanayo sanawathamangire. Anatola ambulera, anaipinda, anaiponya kumtunda. Anakankha mpando mpaka pamakwerero. Kenako analankhula, osakweza mawu.

"Mukhoza kupita, Bambo, sindiuza munthu. Koma ndinene kanthu kamodzi. Mipikisano yonse yosambira ya kusukulu ija, simunabwereko ngakhale umodzi. Anzanga bambo awo ankakuwa m'mphepete mpaka mawu kusasa. Ine ndinkayang'ana, ndinkangoona Amayi ndi thumba lawo la ulusi. Ndinkayesa simusamala. Ndinadzamva nditakula kuti ndi mantha."

A Waya anasiya kulimbana ndi malamba a jekete.

"Sindikukuimbani mlandu. Ndikungoti lero ndi tsiku loyamba kuti mundione ndili m'madzi. Musanapite, tangondionani."

Anadzigwetsa chagada, madzi n'kumulandira. Anatambasula dzanja limodzi, linalo n'kutsatira, mosapupuluma, mosamwaza madzi, thupi lili lowongoka ngati analiyeza ndi levulo ya omanga nyumba. Atafika kukhoma anapindika, anaponda khomalo, anabwerera chamunsi, n'kudzatulukira pamalo enieni amene anachokera. Sanali kudzionetsa ayi. Ankachita monga amachitira munthu amene ntchito inamulowa m'mafupa, wosataya mphamvu pachabe.

A Waya ankadziwa zinthu zochepa pa dziko lino, koma mmisiri ankamudziwa akamuona. Anali atawaonapo manja otere pa akalipentala ena okalamba, pa wowotcherera wina amene anamwalira. Lero ankawaona pa mwana wawo yemwe, amene zaka zonsezi ankangomunena kuti ali kuhotela. Chisoni chinawagwira, ndipo pamwamba pa chisonicho panabwera kunyada kwakukulu moti anaiwala kuti avala kabudula wa eni ake.

Anatsika chitunda chija okha, phazi limodzi, linzake, madzi m'mawondo, m'chiuno, pamchombo. Anaima pamaso pa mwanayo.

"Amisiri," anatero, "ndiuzeni chochita."

Mwanayo anayang'ana kumbali pang'ono, n'kupukuta kumaso ngakhale kunali konyowa kale.

"Palibe chochita. Imani pomwepo. Gwirani dzanja langa."

Anaima. Madzi anakwera m'nthiti, anafika pachifuwa. Jekete linayamba kuwakankha m'khwapa. Zidendene zinanyamuka zokha. A Waya anazibweza pansi, izo n'kunyamukanso. Anatsala ataima ndi zala zokha, akufufuza matailosi, kenako zala zija zinafufuza n'kupeza palibe.

"Mayo! Pansi palibe! Mwana iwe, pansi palibe!"

"Palibedi. Nanga mwamira?"

Anadziyang'ana. Mutu unali kunja, ndevu zinali kunja, ngakhale mapewa anali kunja. Ankalendewera m'madzi, miyendo ikupalasa yokha.

"Gonani chagada. Mutu ikani pa dzanja langali. Musalimbe khosi, Bambo, khosi lanu ndi louma kale mokwanira."

Anagona. Makutu analowa m'madzi, phokoso lonse la dziko n'kuzima, kutsala kugunda kwa mtima wawo ndi kulira kwa paipi chapatali. Kumwamba kunali mtambo umodzi ndi mbalame. Anapuma, anapumanso. Patapita nthawi anafuna kuuza mwanayo kuti asachotse dzanja, ndipo potembenuza maso anamuona ali uko, pamakwerero, manja onse awiri atapinda pachifuwa.

Mawu amene ananena pamenepo sitingawalembe, koma sanamire.

Dzuwa likupendeka madzi anali atakwanira kudumphiramo. Anayamba ndi kudzigwetsa kuchokera pa makwerero amene anamanga okha aja, kenako kuchokera m'mphepete. Mwanayo anawaphunzitsa kutsina mphuno ndi dzanja limodzi, linalo kugwira jekete paphewa, miyendo pamodzi, ndi kudikira osalimbana mpaka jekete liwabweze kumwamba. Ulendo uliwonse ankaima m'mphepetemo nthawi yaitali, ulendo uliwonse ankatuluka akutsokomola ndi kutukwana. Mantha sanathe ayi, tisanamizane. Chimene anaphunzira n'chakuti munthu akhoza kudumpha mantha ali pomwepo.

Tsiku la mayeso linafika ndi kamphepo. Boti linawatenga amisiri onse kupita ku chithandala chija, ndipo a Waya anakhala pakatikati, maso pa nsapato za munthu wa patsogolo pawo. Mtsinje si dziwe la pa hotela. Ulibe matailosi, ulibe makwerero owala, pansi pake sipaoneka. Madzi ake ankamenya mpanda wa zitsulo uja n'kumazungulira, atanyamula timitengo ndi thovu. Chithandala chinkagwedera pansi pa mapazi. Chakumunsi kwake anali atamanga chingwe chokhala ndi zoyandama, ndipo boti lina linkadikira pomwepo ndi anthu awiri odziwa kusambira.

Mayi wa zachitetezo anayendera aliyense, kukoka malamba, kumanga omasuka.

"Ayambe ndani?"

Sipidi sanadikire. Anathamanga, anatembenuzika m'malere, chubwi! Anatulukira akuseka, anagwira chingwe, anakwera. Anthu anakuwa. Ena anatsatira, wina chamimba mpaka madzi analira ngati mbama, wina akuitana amayi ake. Aliyense akatuluka ankasanduka katswiri wolangiza otsala.

"A Waya, nanga inu? Paja munabadwira momwemo!"

"Wamkulu amatsalira kutseka chitseko," anayankha iwo.

Koma anthu anatha, ndipo chitseko chinatsala chokha. A Waya anayenda mpaka m'mphepete mwa chithandala. Zala zakuphazi zinasuzumira madzi. Anatembenuka n'kuyang'ana gulu lawo, anthu onyowa, osekerera, amene ambiri a iwo anawagwira dzanja powaphunzitsa kupota waya woyamba. Bodza lija linawalemera, ndipo anaona kuti sangadumphe nalo.

"Anyamata," anatero, "ine madzi ndimawaopa. Ndimawaopa kwambiri, chibadwire."

Kunali chikhakhali.

"A Waya nthabwala sizitha!"

"Akutinyoza ife amene tinakuwa!"

Ndi mmene zilili: ukanama zaka zambiri, tsiku lonena zoona amakuseka. Ndi Sipidi yekha amene sanaseke. Iye anayang'ana nkhope ya mphunzitsi wake, anaona kuti si nthabwala. Anangoti, "Ine kwanditentheranso," n'kutsetserekera m'madzi mwakachetechete, kukayandama chapafupi ndi pamene munthu angagwere.

Mayi wa zachitetezo nayenso anali ndi maso. Anayandikira n'kulankhula motsitsa.

"Bambo, musadzikakamize. Kumtunda kulinso ntchito."

"Ndikudziwa, mayi. Ndinaiyamba ine musanabadwe. Tapatukani pang'ono."

Dzanja limodzi pamphuno. Linalo paphewa. Miyendo pamodzi. Anayang'ana tsidya linalo, anakoka mpweya, n'kuponda pamene panalibe poponda.

Khuvuu!

Kunsi kunali mdima wofiirira, kozizira, kwaphokoso. Thupi lonse linkafuna kumenya, kukanda, kukuwa. A Waya analiletsa. Anadikira, monga anawauzira amisiri awo a ku dziwe, anadikira ngakhale kuti kudikirako kunkaoneka ngati sikutha. Kenako jekete linawagwira m'khwapa n'kuwakokera kumwamba, ndipo mutu unabooleza kunja, kudzuwa, kumphepo, kuphokoso la anthu akumenya zisoti pa chithandala.

Anatsokomola, analavula mtsinje, anagona chagada. Madzi anawanyamula pang'onopang'ono mpaka chingwe chinawakhudza paphewa, iwo n'kuchigwira. Sipidi anali pambali pawo, akuyang'ana kwina ngati wangodutsa.

"Akulu, muli bwino?"

"Ukufuna chiyani kuno iwe? Suli ndi ntchito?"

Sipidi anaseka mpaka kumwa madzi.

"Mwakhoza, bambo!" anakuwa mayi wa zachitetezo, timawu take tija titakula mwadzidzidzi. "Tulukani tsopano!"

"Dikirani kaye, mayi!"

Sanapite kokwerera. Anatsata chingwe, dzanja ndi dzanja, kulowera kumene chinamangiriridwa, mpaka anakafika pa mpanda wa zitsulo uja. Unali utatalika pamwamba pawo, wadzimbiri, wonyowa, mapampu akuguguda m'kati mwake. Chimwemwe chinawadzaza a Waya moti sankadziwa ngati aseke kapena alire, ndipo anachita zonse ziwiri. Anatulutsa dzanja m'madzi n'kumenya chitsulocho ndi chikhatho, chinalira mpaka anthu a pa chithandala anamva.

"Akapitawo!" anakuwa ali m'madzi momwemo. "Uzani a kumtunda ayambe kupinda! Zitsulo zazitali zibwere ndi boti loyamba mawa, ndipo pasapezeke munthu wozikhudza ine ndisanafike. Piya ameneyu ndi wanga!"